Machesi, laita ya kagudumu ndi laita yodina: iti ikupirira kunyanja kuno?

Mlamu wanga amapha usipa ku Senga Bay. Mwezi wa June, mwera utavuta, anafika pa benchi yanga yokonzera mawotchi pa Kamuzu Road atanyamula malaita atatu m'kajumbo, ati onse afa. Awiri anali a kagudumu, imodzi yodina. Yodinayo ndinangoiyanika padzuwa, pofika madzulo inali ikuyaka. Pa a kagudumu aja, ina mwala unali utatha, inayo kagudumu kanali katauma ndi dzimbiri ndi mchenga. Ambiri mumandifunsa kuti mugule chiyani, ndiye ndati ndifotokoze zomwe ndaona ndi manja anga.

Za machesi sinditaya nthawi. Ndi otchipa, amapezeka pa okala iliyonse, amayatsa chilichonse. Koma bokosi likagona usiku umodzi m'bwato, mitu imafewa, mumakhwatcha mpaka kambali kang'ambika.

Laita ya kagudumu imadalira kamwala kakang'ono kamene kagudumu kamapala. Si mwala weniweni, ndi chitsulo chosakaniza chotchedwa ferrocerium, chimene Carl Auer von Welsbach wa ku Austria anapanga mu 1903. Tizidutswa tikapalika timayaka tokha, ndiye mbaliwali mumaziona zija. Ubwino wake, imakonzeka: ine ndimachotsa mwala mu laita yotha gasi n'kuika mu inzake. Vuto n'lakuti kuyatsa kulikonse kumadya mwalawo, ndipo chala chonyowa chikagwira kagudumu, iwalani za moto kufikira kataume.

Yodina ndiyo imandisangalatsa. Mulibe batire, mulibe mwala wopala. Mukaiphwasula mupeza kabokosi kakuda kotalika ngati chala cha mwana, m'kati muli sipuling'i, kanyundo ndi kadongo kowotcha kolimba ngati kapu ya tiyi. Mukadina, sipuling'i imakanikizika kenako n'kumasula kanyundo, kaphokoso koti "tha!" kaja. Kadongoko kakamenyedwa kamatulutsa magetsi a mphamvu ya ma volt masauzande angapo m'kanthawi kochepetsetsa, amene amalumpha pa kawaya n'kuyatsa gasi. Akakugwirani pachala amangolasa ngati singano chifukwa ndi ochepa kwambiri.

Khalidwe limeneli, loti chinthu chikapanikizidwa chitulutse magetsi, amalitcha piezoelectricity. Analitulukira ndi Jacques Curie ndi mng'ono wake Pierre ku France mu 1880, poyesa miyala monga quartz. Limagwiranso chobwerera: mukachipatsa magetsi, chinthucho chimanjenjemera. Mu wotchi ya batire muli ka quartz konjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi imodzi, n'chifukwa chake siitaya nthawi chisawawa. Wasayansi wina wa ku France, Paul Langevin, anagwiritsa quartz mu 1917 pofuna kusaka sitima zoyenda pansi pa madzi, ndipo nzeru yomweyo ndiyo ili m'makina ounikira nsomba pansi pa boti ndi mu sikani imene amayi oyembekezera amapimidwa nayo kuchipatala.

Koma quartz ndi yaulesi pa nkhani ya moto, magetsi ake ndi ochepa. M'malaita amaikamo dongo lotchedwa PZT, limene akatswiri a ku Tokyo anayamba kulifufuza cha m'ma 1952. Ili lili m'gulu la ferroelectric. M'kati mwake muli tizigawo tambirimbiri, kalikonse kali ndi mutu ndi mchira wa magetsi, koma likangochoka mu uvuni timakhala titaloza kulikonse ngati usipa wothiridwa m'dengu, mphamvu zake n'kumafafanizana. Ku fakitale amalitenthetsa n'kulipatsa magetsi amphamvu, tonse timatembenukira kumodzi, ndipo timakhala choncho ngakhale magetsiwo atachotsedwa. Kutentha kukapyola muyeso, madigiri oposa 300 pa mitundu yambiri ya PZT, dongosolo lija limabalalika ndipo kadongoko sikathethekanso. Laita yapulasitiki siingafike pamenepo isanaphulike, choncho musaisiye m'mbali mwa mbaula.

Pali chimene ogulitsa sanena. Kamoto ka laita yodina kamayatsa gasi basi. Kandodo katali kopanda gasi kamene amagulitsa pamodzi ndi masitovu n'kabwino zedi kwa amene mumaphikira gasi, kamatha zaka, ndipo dzanja limakhala patali ndi lawi. Koma sikangayatse nyali ya parafini, udzu kapena makala. Mayi wina anakagula poganiza kuti kamuthandiza pa mbaula yake yokazingira chambo, anabwera kwa ine akudandaula kuti amubera. Sanamubere, anangomugulitsa chida cha ntchito ina.

Kwa asodzi ndi amayi a pa mbaula, ine ndimati tengani yodina yokhala ndi gasi, muisunge m'kabotolo kotseka bwino. Ikanyowa magetsi amathawira m'madzi osalumpha, koma ikauma imabwerera, pamene ya kagudumu mchenga wa pagombe umaidya tsiku ndi tsiku. Ya kagudumu ndingaisankhire munthu wakumtunda wodziwa kusintha mwala.

Ikatha, chonde musaiponye m'nyanja, ndipo ana asamatafune kadongo kaja akaphwasula. Kuposa theka la kulemera kwa PZT ndi mtovu, ndipo madzi amenewo ndi omwe timamwa ife ndi chambo chathu.