Mpikisano wa pool wa Loweruka ku Mufakose: matebulo ndi abwino, koma manambala a osewera akutipweteka

Ndakhala ndikupita pa malo ena osewerera pool ku Mufakose, mu Harare ku Zimbabwe, kwa miyezi 8 tsopano, Loweruka lililonse pokhapokha ngati kuli maliro, ndiye ndikuona kuti ndili ndi pakamwa poyankhula. Dzina la malowo sinditchula chifukwa zina zomwe ndinene pano ndi madandaulo ndipo mwini wake ndi munthu yemwe ndimamulemekeza, koma a ku Mufakose kuno komanso anzathu omwe amakwera kombi kuchokera ku Kambuzuma ndi Dzivarasekwa adziwa okha.

Zabwino kaye. Matebulo alipo 4 ndipo onse ndi owongoka, mpira sumakhota wokha ukamapita pang'onopang'ono ngati mmene zimakhalira m'mabala ambiri momwe tebulo amachita kuikira katoni pansi pa mwendo. Nsalu amaipukuta ndi bulashi m'mawa uliwonse, choko chilipo sachita kubisa, ndodo za panyumbapo zina ndi zopindika ee koma zambiri nsonga zake ndi zabwino. Magetsi akazima pali solar ndiye gemu siima. Amasewera malamulo a blackball, ma red 7 ma yellow 7 ndi wakuda, ukapanga foul mnzako amapeza free shot, ndipo malamulowo anawamata pakhoma ndiye palibe zokangana zija zoti kwathu timasewera chonchi. Kulowa mumpikisano ndi madola awiri, cash kapena ya pafoni ya EcoCash, ndalama amawerenga pamaso pa aliyense ndipo wowina amalandira usiku womwewo. Kuseri kuli mayi wina amagulitsa sadza ndi nyama yowotcha, makolo ake anachokera ku Dedza, ukangomupatsa moni wa Chichewa ndiwo amawonjezera. Ana a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique tilipo ambiri pamenepa moti nthawi zina Chichewa chimamveka kuposa Chishona, ndipo kwa ine ichi ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimandikokera kumeneko.

Tsono nkhani yomwe yandilembetsa ndi ya handicap. Aliyense amapatsidwa nambala kuyambira 2 mpaka 5, ndipo nambalayo ndi magemu omwe uyenera kuwina kuti udutse. Wa 5 akakumana ndi wa 2, uyu afunika magemu 5, winayo awiri okha. Ganizo lake ndi labwino kwambiri ndipo ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa popanda zimenezi anyamata atatu omwewo bwenzi akutenga ndalama sabata iliyonse ndipo madala ndi ongoyamba kumene bwenzi atasiya kubwera kalekale. Vuto ndi mmene nambalayo imaperekedwera. Palibe buku, palibe kulemba, zonse zili m'mutu mwa munthu m'modzi yemwe amayendetsa mpikisano, amakuyang'ana ukusewera magemu awiri atatu basi akuti iwe ndiwe wa 3. Ndipo nambala imangokwera ukawina final, ukafika semi final kasanu motsatizana palibe chomwe chimasintha, komanso kutsika sindinaonepo ndi kamodzi komwe.

Ndiye taganizani zomwe zimachitika. Pali mkulu wina amabwera kuchokera kutali ndithu, ali pa 2 kuyambira tsiku lomwe ndinamuona koyamba, koma pakati pa sabata ndinamupeza mtauni akusewera ya ndalama ndipo mpira woyera umaima pomwe iye akufuna ngati waumanga chingwe. Loweruka akafika kuno amasewera bwino mpaka semi final, kenako mu final mwadzidzidzi wakuda amamuphonya pakamwa pa dzenje penipeni, amatenga ndalama ya wachiwiri pa mpikisano n'kumapita nambala yake ili pomwepo. Aliyense amaona, anthu amangoyang'anizana, koma poti palibe cholembedwa ungamugwire ndi chiyani? Azungu khalidweli amalitcha sandbagging, ife timangoti kubisa dzanja.

Amene zinandipweteka kwambiri ndi mphwanga wina wa ku tchalitchi kwathu, mnyamata wa zaka 19, amasewera moona mtima ndipo tsiku lina zinangomuyendera, mipira ikugwa yokha, anawina final. Mawa lake anamukweza kuchoka pa 3 kufika pa 5, kulumpha 4. Kuyambira pamenepo wakhala akutuluka mu round yoyamba sabata ndi sabata ndipo mwezi wathawu anandiuza kuti achimwene ine basi, madola awiri anga ndizigulira data. Mwana yemwe amabwera molawirira kudzathandiza kupukuta matebulo ndi amene wachoka, wobisa dzanja uja akadalipo.

Ndinamupempha mwana wanga wamkazi yemwe ali Form 6 ndipo masamu amawatha kuti andiwerengere. Akuti ngati anthu awiri ali ndi luso lofanana ndendende koma wina mwamuika pa 5 wina pa 2, wa pa 5 uja mwayi wake wodutsa ndi pafupifupi 11 pa 100 basi. Ndipo ngakhale atakhala kuti ndi katswiri zoona, amawina magemu awiri pa atatu aliwonse, pa 5 ndi 2 mwayi wake ndi pafupifupi 35 pa 100, pomwe pa 4 ndi 2 umafika cha m'ma 46 pa 100 zomwe zili pafupi ndi chilungamo. Ndiye mukuona kuti kuphonya nambala ndi sitepe imodzi yokha si nkhani yaing'ono, makamaka pa magemu ochepa chonchi pomwe break (kumenya koyamba kobalalitsa mipira) imodzi yabwino kapena woyera kugwera m'dzenje zimatha kumaliza nkhani yonse.

Si kuti nkhaniyi ndi yachilendo, ena anaiganizira kale. Ku America kuli bungwe la American Poolplayers Association, iwo pa 8-ball amapereka manambala kuyambira 2 mpaka 7, koma nambala imachokera pa pepala lomwe amalemba gemu iliyonse, kangati wapita patebulo usanamalize, komanso amalemba padera ukamenya mpira wongotchinga mnzako osati wofuna kugwetsa, cholinga choti wophonya dala asaoneke ngati wosatha. Pa matimu ali ndi lamulo loti manambala a osewera 5 akaphatikizidwa asapitirire 23, kuti timu imodzi isadzaze akatswiri okhaokha. Ngakhale kumeneko anthu amadandaulabe za obisa dzanja, koma pali pepala loti n'kuloza. Palinso njira ina yoperekera manambala yotchedwa FargoRate, ya a Mike Page ndi a Steve Ernst, iyi imayang'ana yemwe wasewera naye ndi magemu omwe mwagawana, ndipo kusiyana kwa mapointi 100 kumatanthauza kuti wapamwambayo amayembekezeka kuwina magemu awiri pomwe winayo wawina imodzi. Chomwe chinandigwira mtima ndi choti iwo nambala ya munthu saitenga kuti yakhazikika mpaka atasewera magemu 200 olembedwa. Magemu 200, ife kuno atatu okha munthu wapatsidwa kale nambala yoti afe nayo.

Sindikunena kuti ku Mufakose tigule kompyuta ayi. Hadikava imodzi ndi bolopeni zikwanira, gemu iliyonse ilembedwe, wawina ndani waluza ndani, ngakhale ija ya round yoyamba, ndipo kumapeto kwa mwezi anthu atatu akhale pansi osati m'modzi, ayang'ane bukulo, wokwera akwere ndi sitepe imodzi, wotsika atsike, manambala onse amatidwe pakhoma pafupi ndi malamulo aja. Wofika semi final katatu motsatizana akwere kaya final wawina kaya waluza, pamenepo kuphonya dala wakuda sikukhalanso ndi phindu. Mlendo yemwe sitikumudziwa ayambire pa 4 mpaka titamuona bwino, akakhala wofooka atsika yekha pakatha mwezi ndipo sanataye zambiri.

Ndinawauza a mwini malo zimenezi maso ndi maso, ndinati mdala, ndalama mumasunga bwino ndipo palibe amene amakukayikirani, bwanji manambala nawonso asamaonekere chimodzimodzi? Anandimvetsera bwinobwino, sanakwiye, anati oyendetsa mpikisano uja ndi m'bale wawo ndiye afunika ayankhule naye mwaulemu asaone ngati akumulanda ntchito. Ndikumvetsa, ndipo sindikukhulupirira kuti munthuyo amakondera dala, kungoti mutu umodzi sungasunge magemu a anthu 30 kwa miyezi yonseyi. Koma papita masabata atatu ndipo buku sindinalione.

Ndiye ngati mukufuna malo osewerera pool pakati pa sabata, matebulo abwino, opanda ndewu, oti mungapite ndi mlamu wanu osachita manyazi, pitani ndithu, pamenepo ndikuwapatsa 5 pa 5. Mpikisano wa Loweruka ndikuupatsa 2 pa 5 mpaka nkhani ya manambala itakonzedwa. Ine Loweruka likubwerali ndipita ndi hadikava yanga yomwe ndagula kale, ndikakhala pakona ndikulemba gemu iliyonse ndekha ngati andilola, ndipo mphwanga uja ndamuuza kuti madola awiri ake ndimulipirira abwere.