Ndere, msatsimanga kapena msangu: ndiyankhe kamodzi

Chiyambireni kuzungulira pa WhatsApp kavidiyo konena kuti ndere za m'chipululu zimateteza nthaka komanso zimatulutsa mafuta, anthu atatu andifunsa kale ngati n'zoyenera kuyesa, poti amadziwa kuti ine ndinapsapo ndi nkhani ya mafuta ochokera ku zomera. Wachitatu ndi alamu anga, anandipanikiza tili pa mzere wa petulo ku Area 18. Ndiyankhe pano kuti ena musavutike kuimba.

Ndiyambe ndi msatsimanga, womwe ena amautcha jatropha, chifukwa ndi umene unandidya. Cha m'ma 2009 kunabwera anthu a kampani ina kumudzi kwathu ku Mitundu. Ankati mtengowu umamera ngakhale pa nthaka yoguga, sufuna feteleza, ndipo njere zake adzagula okha n'kukayenga dizilo. Ndinapereka theka la ekala la munda wa malemu bambo. Kumera unameradi. Koma kumera ndi kubereka n'zosiyana: pa nthaka yotopa unkabereka mwaulesi, ndipo pachonde pomwe ukanabereka bwino ndi pomwe timadzala chimanga.

Chimene sanatiuze ndi ntchito yokolola. Zipatso zake sizipsa pamodzi ngati chimanga. Lero wathyola zachikasu, sabata yamawa zina zapsa, ubwererenso, kenako usende pamanja. Aganyu ndinkawalipira ulendo uliwonse. Nditagulitsa thumba loyamba ndalama yake sinakwane n'komwe kubweza ya ganyu, ndipo patapita zaka zochepa galimoto yogula ija inangosiya kubwera, foni osayankhidwa. Ukatsala ndi soya wosagulika umadya kapena kupatsa nkhuku. Njere za msatsimanga n'zapoizoni, ngakhale nkhumba sungaipatse, ndipo ndinkachita kulondera ana kuti asazitafune poganiza kuti ndi mtedza.

Tsopano ndere. Ndinene chilungamo, mbali yoteteza nthaka si bodza. Ku Shapotou, m'mphepete mwa chipululu cha Tengger ku China, akatswiri amaweta tindere tosaoneka ndi maso n'kutipopera pa mchenga. Tindereti timatulutsa zomata zomwe zimagwirizanitsa mchenga kukhala kachikhokho, mphepo osauulutsanso, ndipo mitundu ina imakoka nayitulojeni mu mpweya. Zomwe mwachilengedwe zimatenga zaka zoposa 10, iwo amazifulumizitsa. Komatu kachikhokhoko kamafuna malo osapondedwa. Kuno khasu limadutsa chaka chilichonse, ndipo tikangokolola mbuzi ndi ng'ombe zimatayiriridwa m'minda. Vuto lathu silinso mchenga wouluka, ndi madzi a mvula othamanga pa nthaka yambee, monga aliyense wodutsa kufupi ndi Dzalanyama amaonera pomwe makala anamaliza mitengo.

Mbali ya mafuta ndiye pamene ndikumva fungo la msatsimanga. M'maiwe owetera ndere, lita imodzi ya madzi obiriwira aja kawirikawiri situlutsa galamu yathunthu ya ndere zouma. Ndiye ganizirani madzi oti musefe, magetsi oyendetsa makina ovundula ndi oumitsa, kuphatikizapo feteleza, poti nazonso zimadya. Boma la America linafufuza zimenezi kuyambira 1978 mpaka 1996 n'kuzisiya. Kampani yaikulu ya mafuta ya ExxonMobil inalowamo mu 2009 ndi ndalama zankhaninkhani, pofika 2023 inali itatulukamo. Alamu, ngati awowo zinawakanika, si inu ndi dilawo la kudimba ndi magetsi othimathimawa.

Mafuta a zomera omwe akugwiradi ntchito m'Malawi muno ndi ethanol wa ku zotsalira za nzimbe, yemwe ku Dwangwa anayamba kupangidwa mu 1982 ndipo amasakanizidwa mu petulo. Imeneyo ndi ntchito ya fakitale, si ya munda wa munthu mmodzi.

Ine mtima wanga uli pa msangu, ndipo sindibisa kuti ndimaukondera. Sutulutsa dontho la dizilo, koma umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga chapansi pake n'kumalandira dzuwa ndi manyowa nthawi imodzi. Chilimwe umaphuka n'kupereka mthunzi, nyemba zake mbuzi zimalimbirana. Palibe woti adzabwere ndi sikelo. Kuipa kwake n'kuchedwa: muwerenge zaka zingapo musanaone kusintha, ndipo mbande zikakhala zazing'ono mbuzi zomwezo zimazimaliza. Wofuna zachangu aphatikize mtengo wa gilisidiya, womwe umaperekanso nkhuni, ndi udzu wa vetiva m'milambala potchinga madzi.

Msatsimanga uja sindinauzule wonse. Mzere umodzi ndinausiya m'malire, poti mbuzi siziukhudza, ndipo ndi umene ukutchingira mbande zanga za msangu. Alamu, njere za msangu ndili nazo m'chitini kunyumba. Mubwere Loweruka, koma mukazikande kaye pa mwala musanafese, apo ayi mudzadikira mpaka kutopa.