Chipatala chathu chimachiza bala bwino, koma sichifunsa kuti labwera bwanji

Ndine mmodzi mwa amayi a m'gulu loyang'anira ana pasukulu ina ya pulayimale kuno kuchigwa cha Shire, ndipo kuyambira chaka cha 2022 ndaperekezapo ana atatu kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu pa nkhani zokhudza nkhanza. Ndikufuna kuunika mmene chipatalachi chimagwirira ntchito mwana wozunzidwa akafika pamaso pa adokotala. Dzina la chipatala ndi mayina a anthu ndawasiya dala pofuna kuteteza anawo.

Pa nkhani ya mankhwala, chipatalachi ndimachiyamikira ndi mtima wonse. Thandizo ndi laulere, ndipo ngakhale m'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la kuno limaotcha mpaka mchenga kukanika kupondeka, adokotala amakhala pampando wawo kufikira mzere wa odwala, womwe nthawi zina umakafika pansi pa mitengo ya nimu, utatha. Zilonda amatsuka mosamala ndipo malungo amayeza msanga. Vuto lomwe ndinaliona lili pa funso limodzi lomwe silifunsidwa kawirikawiri: kodi mwanayu wavulala bwanji?

Woyamba anali mnyamata wa Sitandade 1, yemwe anajomba masiku anayi kenaka n'kubwera manja onse awiri atakulungidwa m'nsanza. Ndinapita naye pamodzi ndi azakhali ake amene amamusunga. Iwo anauza adokotala kuti mwana anagwera pamoto akusewera, ndipo adokotala analemba zomwezo m'buku lake la kuchipatala, natsuka zilonda, napereka mankhwala opha ululu, n'kutiuza tsiku lobweranso. Zonsezi zinachitika mwaulemu, komabe mwana mwiniyo sanafunsidwe liwu ndi limodzi lomwe. Ine, ngakhale sindinaphunzire zachipatala, ndinaona kuti manja onse awiri anapsa mofanana, kuchokera kunsonga za zala mpaka pamfundo ya dzanja, ndipo kupsako kunalekezera pamzere wowongoka ngati wochita kulemba. Mwana wogwera pamoto amapsa mwapatalipatali, nthawi zambiri mbali imodzi, chifukwa amadzidzimuka n'kuthawitsa thupi. Kupsa kokhala ndi malire otere kumasonyeza manja omizidwa m'madzi otentha ndi kugwiridwa momwemo. Kuchedwa masiku anayi asanabwere naye kunali chizindikiro china chomwe chinayenera kuwaimitsa mutu adokotala. Patapita sabata, mwanayo anauza aphunzitsi ake kuti anamulanga chifukwa anatapa nsomba mumphika.

Lamulo la dziko lino silinasiye nkhaniyi m'malere. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 limalamula wachipatala amene ali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira kuti mwana wavulazidwa, wanyalanyazidwa kapena wagwiriridwa, kuti adziwitse msanga apolisi kapena a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Sililamula kuti akhale ndi umboni wonse kapena kuti adziwe wolakwa, popeza kufufuza ndi ntchito ya ena. Kuyambira 2017, malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Tsiku lotsuka zilonda kachiwiri ndinalimba mtima n'kuwafunsa adokotala aja chifukwa chimene sanakayikire. Anandiyankha mosabisa mawu: "Amayi, ndinakayikira ndithu. Koma ndikalemba kalata, mawa andiitana kukhoti, ndipo pano ndilipo ndekha, nanga odwala awa awaona ndani? Komanso anthu amenewa ndimakhala nawo, madzi timatunga pamjigo umodzi." Mawu amenewa ndinawamvetsa, pakuti amanena zoona za moyo wa kumudzi, kumene nkhani yotere anthu amathamangira kunena kuti ndi ya m'banja ndipo ikathere kwa amfumu ndi chindapusa cha mbuzi. Komabe sindingawavomereze, chifukwa mwa akuluakulu onse amene anaona manja aja, adokotala okha ndiwo anali ndi maphunziro odziwira chimene chinachitika ndiponso cholembera chomwe apolisi ndi khoti amachilemekeza.

Wina asaganize kuti izi n'zapatalipatali. Kafukufuku wa nkhanza zochitikira ana yemwe anachitika m'dziko muno m'chaka cha 2013 anapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse, anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18, ndipo anyamata oposa theka anachitidwapo nkhanza zakuthupi monga kumenyedwa. Ena mwa ana amenewa amadutsa pakhomo la chipatala atanyamula dandaulo lina, monga mutu, m'mimba kapena kukodza pogona.

Ulendo wachiwiri unandionetsa kuti chipatala chomwechi chikhoza kuchita bwino kwambiri. Namondwe wa Freddy atawononga m'mwezi wa Malichi 2023, mabanja ambiri anasonkhana m'misasa, akulu ndi ana kugona mothithikana m'makalasi. Mtsikana wina wa zaka 13 anayamba kudandaula m'mimba ndi kukana kutuluka usiku, ndipo mayi ake anandipempha kuti ndiwaperekeze. Tsikulo tinapeza anamwino achikulire, amene atangoona mmene mwanayo amayendera ndi mmene amazembera maso, anati: "Mayi, tadikirani panja pang'ono, ndicheze ndi mwana wangayu." Anayamba naye m'Chichewa, koma ataona kuti akuyankha mwachidule anatembenukira ku Chisena, ndipo m'pamene mwana anamasuka n'kuulula kuti anagwiriridwa. Ichi n'chinthu chomwe ogwira ntchito ochokera kumtunda amachipeputsa, chikhalirecho mwana wamantha amalankhula m'chinenero cha kunyumba kwawo.

Anamwinowo sanatitumize kupolisi kuti tikatenge kaye kalata monga ambiri amaganizira. Anatifotokozera kuti mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28, choncho thandizo la kuchipatala liyenera kutsogola. Analemba zonse zomwe anaona, anaimba foni okha, natitumiza ku Chikwanekwane, malo omwe amapezeka m'zipatala zikuluzikulu kumene achipatala, apolisi ndi opereka uphungu amathandizira pamodzi kuti mwana asamabwereze nkhani yake pakhomo lililonse. Tinafika tsiku lachiwiri chichitikireni zoopsazo, nthawi isanathe. Chokhacho chomwe chinandiwawa n'chakuti chipinda chomwe anamwino amachezeramo ndi mwana chinalibe chitseko, koma nsalu yokha, moti anthu a pabenchi amatha kumva, komanso ndalama ya kabaza ndi minibasi tinachita kusonkha tokha, msewu uli woduka m'malo angapo.

Nkhani ya kunyalanyaza mwana ndiyo yovuta kuiweruza m'chigwa chino, kumene chaka china madzi amakokolola mbewu, chaka chotsatira dzuwa n'kuwotcha mapira ndi chimanga, moti mwana wowonda si umboni woti makolo ake ndi ouma mtima. Mwana wachitatu anali wamasiye wa zaka zinayi amene amalandira chiponde koma osakwera sikelo. Mlangizi wa zaumoyo ndiye anazindikira, atayendera pakhomopo, kuti ana ena onse a m'nyumbamo anali athanzi ndipo chiponde chija chimathera kwa iwo. Anachita bwino kufotokozera adokotala, koma uthenga unatenga masabata angapo kuti ufike kwa oteteza ana, popeza panalibe amene amadziwa bwino kuti woimba foni ndi ndani. Pakhoma la chipatalachi pali zithunzi za kolera, katemera ndi kulera, koma palibe pepala losonyeza njira yoyenera kutsata mwana akaganiziridwa kuti akuzunzidwa, ngakhale nambala ya foni ya woteteza ana wa m'deralo.

Kuweruza kwanga n'kwakuti thandizo la pachipatalachi likudalira kwambiri munthu amene mwamupeza tsiku limenelo. Ndikulimbikitsa aliyense kupita nako mwana wovulala mosazengereza, koma woperekezayo asayembekezere kuti adokotala afunsa okha. Nenani poyera kuti mukukayikira, pemphani kuti mwana amvedwe payekha, ndipo onetsetsani kuti zomwe zaoneka pathupi zalembedwa m'buku. Mukaona kuti nkhani yaima, imbani nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, kapena pitani kunthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit kupolisi, zomwe ndi zimene ife tinachita pa nkhani ya mnyamata uja.

Panopa mnyamatayo akukhala ndi agogo ake kutsidya la mtsinje ndipo anabwerera kusukulu. Zala ziwiri za kudzanja lamanja zinapindika pochira, choncho akuphunzira kulemba ndi lamanzere, ndipo m'buku lake la kuchipatala mudakalembedwabe kuti anagwera pamoto.