Tsiku la Ufulu: Kuguba ndi Mbendera Kapena Kuwerenganso Malonjezo?

Tsiku la ufulu likafika, pali njira ziwiri zolikumbukira. Yoyamba ndi ya chisangalalo: asilikali kuguba, mbendera kukwezedwa, ana kuimba nyimbo ya fuko mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Njirayi ili ndi mphamvu yake. Anthu osiyana zipani ndi zilankhulo amaima pamodzi, n'kukumbuka kwa maola angapo kuti ndi amodzi. Vuto n'lakuti kukacha, mipando itachotsedwa, zonse zimaiwalika.

Yachiwiri ndi yowawa pang'ono: kutenga mawu amene oyambitsa dziko analemba, n'kufunsa ngati akwaniritsidwa. Chikalata cha ufulu wa America cha 1776 chimati anthu onse analengedwa ofanana, chonsecho Thomas Jefferson, amene anachilemba, anali ndi akapolo. Pa 5 July 1852, mumzinda wa Rochester, Frederick Douglass, yemwe anathawa ukapolo, anafunsa khamu la anthu kuti tsiku la 4 July, lomwe ndi tsiku la ufulu wa America, limatanthauzanji kwa kapolo. Chochititsa chidwi n'chakuti sanachinyoze chikalatacho ayi. Anachiyamikira, kenako n'kuuweruza nacho mtundu wonsewo. Ukapolo unathetsedwa mwalamulo mu 1865.

Ku Ghana nako, mu March 1957, dzikolo likulandira ufulu, mtsogoleri wake Kwame Nkrumah ananena kuti ufulu wa dziko lake ulibe tanthauzo pokhapokha Africa yense atamasuka. Mawu otere amafuna kukhala nawo pansi, ng'oma zitatonthola. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi, ngakhale kunena zoona, bandi ya asilikali ikamadutsa, phazi langa limagundabe pansi lokha.