Labu yoyeza miyala: amaidziwa ntchito, koma lipoti lawo ndi lovuta kumva

Ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5. Ndinapita nayo miyala yanga ku labu imeneyi chifukwa wondigulitsa anailankhulira zambiri, eti amethyst imabweretsa tulo ndikuchotsa nkhawa, turquoise imateteza ku ngozi, malachite ukaiviika m'madzi nkumwa imatsuka m'thupi. Ine sindinyoza zomwe anthu amakhulupirira ayi, nzakalekale izi, ngakhale Agiriki akale ankati amethyst imateteza munthu kuti asaledzere mpaka ankasema zikho zomwera kuchokera ku mwala umenewu, koma ndimafuna ndidziwe kaye kuti chomwe ndavala m'khosimu ndi chani kwenikweni.

Mayi amene amayezawo anali odekha zedi ndipo amandilola kuona chilichonse. Amethyst inapezeka kuti ndi yeniyeni, quartz ndithu (amethyst ndi mtundu wapepo wa mwala wa quartz), pa refractometer, kachipangizo koyeza mmene kuwala kumapindikira kukalowa mu mwala, inawerenga 1.54 mpaka 1.55, kulemera kwake 2.65 kuyerekeza ndi madzi, ndipo anandifotokozera kuti mtundu wapepo uja umabwera ndi timbali tachitsulo tomwe tili mkati mwake, tikakhudzidwa ndi cheza chachilengedwe cha pansi pa nthaka. Koma turquoise ija abale, anangotenga kathonje konyowetsa ndi acetone (mankhwala osungunula utoto) nkupukuta pang'ono pafupi ndi kabowo kolowetsa ulusi, kathonje kose bii buluu, pansi pake mwala woyera. Inali howlite, mwala wina woyera, yopaka utoto, yofewa, 3.5 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala pomwe turquoise yeniyeni imakhala 5 mpaka 6. Kamwala kofiira komwe ndinauzidwa kuti ndi ruby, pa maikulosikopu ndinadzionera ndekha tithovu tozungulira mkati, galasi basi.

Nde ndinawafunsa mosabisa kuti nanga za kuchiritsazo, yeniyeniyo imachiza? Apa mpomwe anandisangalatsa, sanandiseke komanso sananame. Anati makina awo amangonena kuti mwala ndi wamtundu wanji, koma umboni woti mwala umachiza matenda palibe. Anatchula kafukufuku wa Christopher French wa ku Goldsmiths, London, mu 2001, pomwe anthu ena anawagwiritsa quartz yeniyeni ena galasi osawauza, onse amanena kuti akumva kutentha ndi kunyerenyetsa m'manja mofanana. Ndiye kuti mpumulo umene munthu amaumva ndi weniweni koma ukuchokera m'maganizo mwake.

Za malachite anachita kundigwira dzanja, anati musamwe madzi amenewo chonde, muli kopa, ndipo mwala wina wofiira wotchedwa cinnabar nde woopsa kwambiri muli mercury. Zimandiwawa ndikaganiza kuti pali anthu akusiya mankhwala a BP kapena a shuga chifukwa cha chibangili, ena chibangilicho chilinso feki.

Chomwe ndachotsera nyenyezi imodzi ndi lipoti. Linachedwa kuposa tsiku lomwe analonjeza, foni osayankha, ndipo litafika linali manambala okhaokha ndi mawu a sayansi, ndikanakhala kuti sindinalipo poyeza sindikanatolapo kanthu. Komanso anandiuza mochedwa kuti kusiyanitsa amethyst yokumba ndi yopangidwa ku fakitale pamafunika kuyeza kwina kwa infrared (kuwala kosaoneka ndi maso) kolipira padera, zimenezi amayenera kunena poyamba pomwe.

Amethyst yanga ndimavalabe, ndimaikonda. Mukamapita pemphani kuti mukhalepo akamayeza, ndipo funsani mtengo wa zoyeza zonse musanasiye miyala yanu.