Makina a espresso a pakhomo: zimene ndaona kunyumba kwanga ku Chilenje, mu Lusaka

Ndinagula makina ang'onoang'ono ophikira khofi wa espresso, khofi wamphamvu amene amaphikidwa pokankhira madzi otentha mu khofi wopera, kumayambiriro kwa 2024, ndipo ndawagwiritsa ntchito m'mawa uliwonse umene kunali magetsi. Ndi a mtundu umene umatenthetsa madzi pamene akudutsa m'kachitsulo kotchedwa thermoblock, choncho amakhala okonzeka ndisanamalize n'kutsuka komwe kapu, ndipo amakwana pakati pa ketulo ndi chitini cha shuga.

Pa katoni panalembedwa 15 bar m'zilembo zikuluzikulu, kutanthauza mphamvu imene pampu yake imakankhira madzi, ndipo nambala imeneyi ndiyo inandikopa. Ndinadziwa pambuyo pake kuti espresso amafuna mphamvu ya pafupifupi 9 bar basi, ndiponso kuti kukoma kwa khofi kumadalira kwambiri kaperedwe kake. Mwezi woyamba ndinkagwiritsa ntchito khofi wogayagaya wa m'sitolo, amene ankatuluka mothamanga, wamadzimadzi ndi wowawasa, moti amayi a kunyumba anandifunsa ngati ndalama zonsezo zinapita pa chakumwa chotere. Nditagula kachigayo kopukusa ndi dzanja n'kuyamba kupera ndekha khofi wolimidwa cha ku Kasama ndi ku Mazabuka, zinthu zinasintha. Tsopano ndimathira magalamu 14, ndimatsendera bwino, ndipo m'masekondi 25 mpaka 30 khofi amatsika mokhuthala ngati uchi, ali ndi thovu lofiirira pamwamba. Amene ndalama zake n'zochepa asathere zonse pa makina, asiyeko zogulira chigayo.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi madzi. Lusaka inamangidwa pa miyala ya laimu, ndipo madzi a pa mjigo amene timamwa amasiya zoyera zolimba pansi pa ketulo, monga aliyense wa kuno akudziwira. Zoyerazo zinadzaza timipope ta m'kati mwa makina, ndipo patangotha miyezi inayi khofi anayamba kudontha limodzilimodzi pampu ikulira mokakamizika. Vuto linali langa, chifukwa kabuku ka malangizo kanachenjeza zimenezi koma sindinakawerenge. Ndinatsuka ndi mankhwala osungunula laimu, ndipo kuyambira pamenepo ndimathira madzi osefa okhaokha n'kumatsuka mwezi ndi mwezi.

Za magetsi nazo n'zofunika kuziganizira musanalipire. Makinawa amakoka mphamvu yoposa mawati 1,000, ndipo pamene madzi anachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba chifukwa cha chilala cha 2024, magetsi n'kumazima maola ambiri, inverter yanga yaing'ono inkangolira n'kuzima ndikangowayatsa. Masiku amenewo ndinkaphika khofi pa mbaula m'kampoto kophikira khofi kotchedwa moka. Amene akufuna kutumitsa makina kwa achibale a ku America asamale, pakuti kumeneko amagwiritsa ntchito mavoti 120 pamene kuno ndi 230, ndipo makina otere amapsa akangolumikizidwa popanda transformer.

Kampope kotulutsa nthunzi kamachititsa thovu mkaka wokwanira kapu imodzi ya cappuccino (espresso wothira mkaka wathovu), koma alendo akabwera anayi, womaliza amalandira wake anzake atamwa kale. Makinawa ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanu ndaichotsa chifukwa kalabala kotseka pamene pamalowa chogwirira khofi katatha, ndinazungulira masitolo milungu itatu osakapeza, mpaka mlamu wanga anachita kundibweretsera kuchokera ku Johannesburg.