Chitofu cha nkhuni m'chipinda chapansi, patatha miyezi yozizira iwiri

Ndalama zomwe ndapatsa mmisiri sabata yathayi ndi zimene zandichititsa kuti ndilembe za chitofu chachitsulo chomwe tinaika m'chipinda chapansi kwathu ku Avondale.

Pa kutentha ndilibe nacho mawu. Mu June ndi July magetsi akathima tonse timatsikira komweko, ketulo ili pamwamba pake. Nkhuni sichidya zambiri, ndipo chitseko chimatsekabe bwino.

Vuto linali chumuni. Nyumbayi ndi yakale, chumuni chake n'cha njerwa, chomangidwira moto wosonkha poyera. Wogulitsa anangoti, "Bambo, lowetsani paipi m'menemo, utsi upeza wokha njira." Koma paipi ya chitofu ndi ya mamilimita 150, pomwe mphako ya chumuni ndi yotakata kwambiri. Utsi ukangotuluka m'paipi unkamwazika, n'kuzizira pa njerwa, osakweranso. Komanso mpweya wofunda wa m'nyumba ukamathawira m'mwamba, chipinda chapansi chimayamwa wina kudzera m'chumuni momwemo. M'mamawa ukayatsa machesi pakamwa pa chitofu, lawi linkaweramira kwa iwe. Utsi tho m'chipinda, makatani kununkha, mayi a kunyumba akutsokomola. Tinazolowera kutsegula zenera pang'ono ndi kuyamba taotcha nyuzipepala kukamwa kwa paipi kuti chumuni chifunde. Kutsegula zenera pofuna kutenthetsa nyumba, tangoganizani!

Mmisiri atakwera padenga anapala mwaye wolimba, wakuda bii, wonyezimira ngati phula la pamsewu. Umenewu ndi umene umayaka m'chumuni n'kutentha nyumba. Nkhuni za bulugama zosauma bwino, zogula m'mbali mwa msewu, zimauchulukitsa. Mmisiriyo anatsitsa paipi yachitsulo chosachita dzimbiri kuchokera pamwamba mpaka pachitofu, yofanana kukula ndi ya chitofuyo. Tsopano moto ukukoka bwino, zenera lili chotseka.

Madzulo moto ukamalilima ndimati ndinagula bwino. Ndikakumbukira lisiti, mtima umawawa, chifukwa paipi ndi ntchito yake zatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa chitofu chenichenicho, zonse m'madola a ku America. Wogulitsa uja ndinamutumizira zithunzi za mwayewo pa WhatsApp. Anayankha kuti iye amagulitsa zitofu, za chumuni si zake. Chitofucho gulani, koma musanapereke dola ndi imodzi yomwe, akulembereni mtengo wa paipi yofika padenga papepala lomwelo.